KUNYONG'ONYEKA KUMAŴAŴA: ZA ANTHU A VUTO LA ADHD

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amamdziŵa mwana uja amene sakhala pansi. Akamtuma kutonola chimanga, lichero lisanadzaze n'komwe ali kale mu mtengo wa mango. M'kalasi amangotembenuka uku ndi uku, kugogoda desiki ndi kuputa anzake. Komatu mwana yemweyo akayamba kupanga galimoto lamawaya amaiŵala ndi nsima yomwe. Poona zimenezi akuluakulu amagamula msanga kuti ndi ulesi kapena mwano, ndipo chotsatira chake ndi mkwapulo. Ena mwa ana otereŵa ali ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD, ndiko kulephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi, kujijirika ndiponso kuchita zinthu mopupuluma.

Vutoli si lachilendo ayi. Mu 1902 Dokotala George Still anafotokoza za ana otere pamaso pa madokotala anzake ku London, ndipo dzina lakuti ADHD linakhazikitsidwa mu 1987. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali nalo. Kaŵirikaŵiri limakhala lakumtundu, ndipo ambiri amakula nalo.

Chimene chimaŵazunza kwambiri ndi kunyong'onyeka. Tonsefe timatopa tikaima pa mzere wa kuchigayo, koma timapirira. Kwa munthu wa ADHD kudikira kotero kumaŵaŵa ngati kuyabwa kwa pamsana pamene dzanja silifika. Akatswiri amaloza ku dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amathandiza munthu kulimbikira ntchito poyembekeza phindu lam'tsogolo. Mu 1992 Edmund Sonuga-Barke ndi anzake ku England anauza ana kuti asankhe pakati pa mphotho yaing'ono yolandira msanga ndi yaikulu yodikirira. Ana ojijirika ankatenga yaing'onoyo, monga mwa mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma atakonza zakuti ngakhale wosankha yaing'ono adikirebe nthaŵi yofanana, ana omwewo anayamba kusankha yaikulu. Nzeru yosiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono anali nayo ndithu. Chimene ankathaŵa ndi kudikirako.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Munthu wothaŵa kunyong'onyeka amagwira chilichonse chimene chingamdzutse mtima. Mwana amajomba kusukulu. Wamkulu amasiya ntchito yabwino popanda chifukwa chomveka, amaputa mkangano panyumba, amathamangitsa njinga yamoto, kapena amaloŵerera moŵa, chamba ndi njuga. Kumkalipira sikuchotsa kuyabwa kuja; kumangomphunzitsa kudziona ngati munthu wachabechabe.

Nanga tichitenji? Ntchito yotopetsa iduleni ikhale tizigawo tooneka mapeto ake. Kuuza mnyamata wotere kuti “kapalire munda” ndi kumtaya m'nyanja. Muuzeni kuti apalire mizere 5, akamwe madzi, abwerenso ku mizere ina 5. Wophunzira aŵerenge mphindi 15, aimirire ndi kuyendayenda pang'ono, kenaka abwerere ku buku. Chiyamikiro chibwere pomwepo, osadikira kutha kwa teremu.

Thupi lake musalimange. Mphunzitsi wanzeru amamkhazika kutsogolo mwana wotere, namtuma kufufuta bolodi ndi kugaŵa makope, kuti kujijirika kwake kukhale ndi ntchito. Ambiri amamvetsera bwino manja ali otanganidwa, motero mayi wa vutoli atenge zoluka zake popita kukadikira kusikelo, ndipo pasakhale womuseka. Mpira, kuthamanga ndi kuvina zimachepetsa kusakhazikika, makamaka zikachitika munthu asanayambe ntchito yokhala pansi.

Njira ina amayi akumudzi anaidziŵa kalekale: mtondo wosinja aŵiri, nyimbo ili pakamwa, suchedwa kutha. Munthu wa ADHD amatsiriza ntchito mosavuta pakakhala mnzake pafupi, ngakhale mnzakeyo akuchita zakezake ali chete.

Za foni tichenjezepo. Imathetsa kunyong'onyeka m'kanthaŵi kochepa, n'chifukwa chake kuisiya n'kovuta. Imadya tulo, ndipo wosagona mokwanira amadzuka maganizo ali obalalika koposa dzulo. Pa nthaŵi ya ntchito ndi yogona ikhale m'chipinda china.

Aŵerengi athu asathamangire kutchula mwana aliyense wopulupudza kuti ali ndi ADHD. Njala, kusamva bwino, vuto la maso ndi nkhaŵa za panyumba nazonso zimabalalitsa maganizo. Madokotala amayang'ana ngati zizindikiro zinayamba mwana asanakwane zaka 12, ngati zakhala miyezi 6 kapena kuposerapo, ndiponso ngati zimaoneka m'malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kusukulu komwe. Mankhwala alipo, monga methylphenidate, ndipo amathandiza ambiri, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha atamuyeza munthuyo. Popita kuchipatala tengani makope a mwanayo ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi ake yofotokoza mmene amakhalira m'kalasi.