Mau a Woimba Amakula Ngati Munthu

Kuno ku Chiuta timakonda nyimbo. Timaimba pamtondo, kutchalitchi, paukwati ndi pamaliro. Ambiri a ife tinamvaponso a Giddes Chalamanda pa wailesi ya ku Malawi.

A Chalamanda anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu. Anayamba kuimba ali mnyamata. Mu 2020, ali ndi zaka 90, anaimbanso nyimbo zao zakale pamodzi ndi Patience Namadingo. Mau ao anali a munthu wachikulire, onjenjemera pang'ono. Komabe nyimbo ya Linny Hoo inamveka m'maiko ambiri.

Kodi mau amasinthiranji? M'kholingo mwathu muli timinofu tiwiri. Mpweya wochokera m'mapapo ukadutsa, timinofuti timagwedezeka, ndipo mau amatuluka. Munthu akamakalamba, timinofuti timaonda ndi kufooka. Mpweya nawonso suchedwa kutha. Motero woimba wachikulire amatsitsa nyimbo, amaimba mofatsa, ndipo amapuma pafupipafupi.

Ukalamba sitingauletse. Koma pali zina zimene zimaononga mau msanga: fodya, kachasu, utsi wa m'khitchini, ndi kukuwa usiku wonse. Tiyeni timwe madzi ambiri. Mau akasasa, tiwapumitse. Akakhala osasa masabata atatu, tipite kuchipatala, chifukwa nthawi zina amakhala matenda akulu.

Agogo akayambitsa nyimbo ndi mau ofooka, tisaseke. Tivomereze mwamphamvu, kuti nyimbo zao zitsale ndi ife.

Mafunso
1. Kodi a Chalamanda anabadwa chaka chanji?
2. Tchulani zinthu zitatu zoononga mau.