Mbuna: Nsomba Zoŵetera M'galasi

Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a boma ofufuzirako za ulimi wa nsomba, amene anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Alimi a m'chigwachi adziŵa kale kuŵeta makumba, chilunguni ndi milamba m'maiŵe kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Koma kulinso kaŵetedwe kena, kosunga tinsomba m'mabokosi a galasi pofuna kusangalatsa maso basi.

M'nyanja za mchere, monga kugombe la Mozambique, muli tinsomba tokongola totchedwa damselfish m'Chingerezi. Ngakhale tili tating'ono, n'taukali: kalikonse kamalondera mpata wake wa m'matanthwe, ndipo katonde ndiko kamasamala mazira mpaka ataswa. Kutiŵeta nkovuta chifukwa timafuna madzi a mchere woyezedwa bwino.

M'Nyanja ya Malaŵi muli mbuna, zimene khalidwe lake lifanana ndi la tinsombato. Nazonso zimakhala m'miyala, kudya ndere ndi kulimbirana malo. Kusiyana kwake nkwakuti mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya kanthu.

Choncho woŵeta mbuna ayenera kukhala ndi bokosi lalikulu lokhala ndi miyala yambiri yobisalamo, pakuti atonde aŵiri pamalo opanikizika amamenyana mpaka wina kufa. Tonde mmodzi amuikire zazikazi zingapo. Madzi akhale oyera, ofunda madigiri 24 mpaka 28, ndipo ena mwa madziwo azisinthidwa mlungu uliwonse. Chakudya chochuluka chimaipitsa madzi ndi kutupitsa nsomba mimba.

Mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pa chilumba chimodzi kapena pa thanthwe limodzi lokha, osati kwina kulikonse padziko lapansi. Pofuna kuziteteza, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Komabe mbuna zina za kumpoto kwa nyanja, zimene ochita malonda anazitaya pa chilumba cha Thumbi West, zinaswana ndi kuyamba kulimbirana miyala ndi eni malowo.

Nchifukwa chake woŵeta amene watopa nazo nsomba zake azipereke kwa woŵeta mnzake. Asazitaye m'nyanja, ngakhale mu mtsinje wa Domasi umene umathira m'Nyanja ya Chilwa, pakuti nsomba yachilendo ikakhazikika m'madzi, palibe khoka limene lingaichotsemo.