Yambani Mwayang'ana Madzi: Ulendo wa Masiku Awiri wa ku Bundabunda

Agogo anga akaona mwana akukokolola ufa ndi manja awiri kuti athire mumphika, ankamugwira mkono n'kumuuza kuti, "Iwe, yamba wayang'ana madzi." Mawu amenewa ndinadzawamvetsa ndili wamkulu kale, ndili m'basi yochokera ku Livingstone, Lamlungu lina usiku, mapazi atatupa. Ndinali nditanyamuka mu Lusaka Loweruka m'mamawa kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, mtunda wa makilomita oposa 470 kupita kokha. Mathithiwo ndinawaona maola awiri basi. Nthawi ina yonse inathera pampando. Lolemba ndinafika kuntchito thupi lili lefu ngati wodzuka malungo.

Loweruka ndi Lamlungu ndi kamphika kakang'ono, ndipo madzi ake ndi maola. Tiyeni tiwayeze. Kuchokera 6 koloko m'mawa Loweruka kufika 6 koloko madzulo Lamlungu ndi maola 36. Chotsanipo 8 a tulo, atsala 28. Basi ya ku Livingstone imadya maola 7 kapena kuposa popita, enanso otero pobwera, ndiye kuti theka la madzi latha nsima isanayambe n'komwe kuphikidwa. Ufa ndi malo onse amene mtima ukulakalaka: mathithi, nyama zakutchire, azakhali amene simunawaone zaka zitatu, nsomba za ku Siavonga. Zonsezo ndi zabwino, monganso ufa suipa. Koma ukachuluka kuposa madzi, mthiko umakana kuyenda, nsima imatuluka ya mibulu, kunja yooneka ngati yapsa koma mkati muli ufa wauwisi.

N'chifukwa chake munthu wa mu Lusaka akandifunsa koti akapumulire masiku awiri, ndimamulozera kum'mawa, m'msewu wa Great East. Mukadutsa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, mumafika ku Chongwe, makilomita 45 kuchokera mu mzinda. Mukaoloka mtsinje wa Chongwe n'kupitirira, nyumba zimayamba kutalikirana, zitunda zimayamba kuoneka, ndipo mumalowa m'dera la Mfumu Bundabunda ya Asoli. Kumeneko, pafupi ndithu ndi msewu, pamtunda wosapitirira makilomita 90 kuchokera mu Lusaka, pali akasupe otentha a Chinyunyu. Pagalimoto ndi ulendo wa maola osakwana awiri, kupatula kuchedwa potuluka mu mzinda ndi pageti yolipirira msewu ya ku Chongwe. Kupita ndi kubwera ndi maola anayi. Mwa maola 28 aja, 24 atsala m'manja mwanu.

Wophika wodziwa sayamba ndi nsima. Amayamba ndi phala, n'kulisiya libwate mpaka fungo la ufa wauwisi litatha. Phala la ulendo ndi Lachisanu madzulo. Ena amafuna kunyamuka tsiku lomwelo akangoweruka, poganiza kuti awonjezera nthawi. Ine sindigwirizana nazo. Msewu wa Great East ndi umene umapita ku Chipata ndi ku Malawi, malole amayendamo usana ndi usiku, ndipo kupitirira Chongwe uli ndi zitunda ndi makona amene safuna maso otopa. Lachisanu ndi lothira mafuta, loyang'ana matayala, lolongedza chikwama chimodzi, loimbira foni amene mukagone kwawo kapena malo ogona alendo kuti adziwe kuti mukubwera. Tenganinso ndalama za m'manja zosinthasintha, chifukwa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu sangakusinthireni K100 m'mamawa. Ngati mukuyenda pa minibasi, kumbukirani kuti imanyamuka ikadzaza, osati wotchi ikakwana. Ola limodzi muliwerengeretu kuti ndi la pasiteji.

Kenako pamabwera kuvundula. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa tikangofika pamalo timayamba kale kufunsa za kwina. Ku Chinyunyu, ngati mwafika m'mawa m'nyengo yozizira ya June kapena July, mumaona nthunzi ikufuka pakati pa udzu musanawaone n'komwe madziwo. Pamene akutumphukira pansi ndi otentha moti chala simungachisiyemo. Akamatsetsereka m'kangalande amanka nazizira pang'onopang'ono, ndipo munthu amayenda m'mbali mwake akuyesa ndi dzanja mpaka atapeza pomwe phazi lingapirire. Khalani pamenepo. Vulani nsapato. Ana agwireni padzanja akamayandikira potumphukira paja, chifukwa madzi oyera mbee ngati amenewo sachenjeza kuti amawotcha.

Mwana akakufunsani kuti wasonkha moto pansipo ndani, yankho lilipo. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala n'kutsika kutali pansi pa nthaka, kumene miyala ndi yotentha. Akatenthedwa amakwera msanga kudzera m'mng'alu wina, n'kutuluka asanazizire. Zambia ili ndi akasupe otere oposa 80, koma a Chinyunyu ndi amodzi mwa amene munthu wa mu Lusaka angawafike mosavuta. Kufotokozera mwana zimenezi, iye akuviika kamtengo m'madzi n'kukakhudza kuti amve kufunda, kumatenga mphindi makumi awiri zimene wothamangira malo asanu sangazipeze. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dera limeneli si malo ongoonerako zinthu, ndi kwawo kwa anthu. Asoli ndiwo eni nthaka imene Lusaka inamangidwapo, ndipo ali ndi mafumu awo: Nkomeshya Mukamambo II ku Chongwe, amene mwambo wawo wopempha mvula ndi Chakwela Makumbi, ndiponso Bundabunda, Mpanshya ndi Shikabeta chakum'mawa. Kwa Bundabunda kuli mwambo wa Chibwela Kumushi, wokondwerera kubwerera kumudzi anthu akatha kukolola. Ngati ulendo wanu wakumana ndi mwambo wotere, umenewo ndiwo ufa wanu wonse, musawonjezerepo china. Masiku ena onse, perekani moni musanafunse njira. Chinyanja chimamveka bwino kumeneko, ndipo "Muli bwanji, amayi?" wonenedwa mutatsika m'galimoto amalandiridwa mosiyana ndi wokuwa pawindo. Musajambule munthu kapena nyumba yake musanapemphe. Mukafuna kulowa m'mudzi kapena kukwera chitunda, funsani kwa amfumu a m'mudzimo, monga mmene mungafunire kuti mlendo achitire kwanu.

Chiyeso chimabwera Loweruka masana. Wina m'galimoto amati, "Poti tafika kale kuno, bwanji tingofika pa mlatho wa Luangwa tikagule nsomba zouma?" Mlathowo uli makilomita oposa 200 kuchokera mu Lusaka, ndipo msewu wake ndi wa mapiri okhaokha. Ndi malo oyenera kuwaona, koma ndi nsima ya tsiku lina. Kuwonjezera pamenepa kuli ngati kuthira ufa wina nsima ili pafupi kuomoledwa. Ndiwo za ulendo uno zili pafupi: munkoyo wozizira, chimanga chootcha, masuku mvula ikayamba, bowa m'dzinja, mbatata m'nyengo yozizira. Imani pamodzi kapena pawiri, mugule, mucheze. Madzulo khalani panja. Kutali ndi magetsi a mu mzinda, nyenyezi zimachuluka moti ana obadwira ku Kabwata kapena ku Matero amangoti kukamwa yasa.

Pali chinthu china chimene agogo ankachita, chimene ndinkachiona ngati kuwononga malo: sankadzaza mphika mpaka kukamwa. Ankasiya mpata wa zala zitatu kuti phala likamabwata lisasefukire pamoto. Mpata umenewo ndi Lamlungu masana. Nyamukani 1 koloko kapena 2 koloko, dzuwa lidakali pamwamba. Pobwerera mumayang'ana kumadzulo, ndipo mukachedwa dzuwa limakulasani m'maso ulendo wonse, pa nthawi yomwe malole ndi mabasi ochokera ku Chipata akuthamangira mu mzinda. Tayala likaphulika kapena minibasi ikachedwa kudzaza, mpata uja ndiwo umakupulumutsani.

Ulendo wanga womaliza wa kumeneko tinafika kunyumba 4 koloko. Tinatsitsa thumba la mbatata ndi kadengu ka tomato, ndinachapa yunifolomu ya mwana n'kuiyanika dzuwa likadalipo. Pamene ndinkateleka madzi a nsima ya madzulo, mwanayo anali pakhonde akuuza mnzake wa nyumba yoyandikana nafe kuti kuli malo kumene madzi amatuluka pansi ali owira kale, mnzakeyo akukana kuti ndi bodza.