Bala losatuluka magazi: msana ukavulala pa ntchito, alipire ndani?

M'mawa uliwonse amuna a ku Mgona ndi ku Area 25 amalowera ku Kanengo kukapakira ndi kutsitsa katundu: matumba a feteleza, a simenti, a chimanga, lililonse makilogalamu 50, ndipo nyengo ya fodya ikafika, mabelo olemera kuposa pamenepo. Munthu amawerama, n'kukoka thumba, n'kupotoloka nalo. Tsiku lina m'chiuno mumangoti tswa! Magazi satuluka, potupa palibe. Kapitawo amangoti, "Tapumani kaye, madala," koma pofika mawa ululu wayenderera m'thako mpaka ku chala cha kuphazi.

Kawirikawiri chimene chavulala si fupa. Pakati pa mafupa a msana pali timbale tofewa, madokotala amati disc, togwira ntchito yonga ya mabushi amene amakanika a ku Biwi amaika pakati pa zitsulo kuti zisakhulane. Chikopa cha kambaleko chikang'ambika, zofewa za mkati zimatuluka n'kukanikiza mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake mwendo umachita dzanzi, kuwotcha kapena kufooka pomwe vuto lili kumsana, ndipo kutsokomola kumawonjezera ululu. Timbale tiwiri ta m'munsi, totchedwa L4-L5 ndi L5-S1, ndi timene timavulala kwambiri poti kulemera kwa thupi lakumtunda kumatsamira pamenepo.

Ambiri amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12 popanda opaleshoni, akamamwa mankhwala a ululu, kuyenda pang'onopang'ono ndi kuchita mafizo. Kugona pa mphasa mwezi wathunthu kumangoumitsa msana. Koma dzanzi likafika kumalo obisika, mkodzo ukamakanika kutuluka kapena chimbudzi chikamangotuluka chokha, musadikire kuti kuche. Thamangirani ku Kamuzu Central Hospital, kumene kulinso chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, chifukwa mitsempha imeneyo ikakanikizika nthawi yaitali siibwerera mwakale. Msana wopweteka limodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku ukhozanso kukhala TB ya msana.

Pa nkhani ya ndalama, vuto limayambira pa chithunzi. X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa kambale kong'ambika. Wovulala amabwerera kuntchito ndi chithunzi chosaonetsa vuto, abwana n'kumati akunamizira. Chimene chimaonetsa bwino ndi MRI, yomwe ndi yosowa komanso yokwera mtengo. Nayo MRI siithetsa mkangano, pakuti anthu ambiri achikulire ali ndi timbale tofufuma koma samva kupweteka kulikonse. Bwana kapena kampani ya inshulansi ikhoza kunena kuti ndi ukalamba chabe.

Umboni wamphamvu tsono ndi wa tsiku loyamba. Uzani kapitawo tsiku lomwelo pali anzanu awiri, ndipo ngati n'kotheka zilembedwe. Pa chipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila musangoti "msana ukundipweteka." Nenani kuti wayamba lero mukunyamula thumba pa ntchito, ndipo onetsetsani kuti a dokotala alemba zimenezo m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku. Mzere umodzi umenewo ndi umene udzakuyankhulireni pakatha chaka, anzanu aja atabalalika.

Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pa ntchito alipidwe ndi womulemba ntchito, posafunika kutsimikiza kuti bwanayo analakwa. Bwana amayenera kulipira chithandizo cha kuchipatala ndi kukanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito, imene ambiri amangoti ku leba. Akazengereza, pitani nokha miyezi 12 isanathe. Dokotala amayeza kuti mphamvu zogwirira ntchito zachepa ndi maperesenti angati. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54 nthawi imodzi. Tiyerekeze munthu wolandira K150,000 pa mwezi: ndalama yonse ndi K8,100,000, koma dokotala akalemba 10 peresenti atenga K810,000. Kwa bambo amene chuma chake chonse chinali msana, ndipo sadzasenzanso thumba, ndalama imeneyo ndi yochepa zedi.

Amene wagwira ntchito chaka chathunthu alinso ndi ufulu, pansi pa Employment Act, wa masabata anayi a tchuthi cha matenda akulandira malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka. Ngati bwana anachita kunyalanyaza chitetezo, pali njira ya kukhoti, imene imatsekeka pakapita zaka zitatu, ndipo osakwanitsa kulipira loya angapite ku Legal Aid Bureau.

Chondiwawa mtima n'chakuti osenza katundu wolemera kwambiri ndi amene lamuloli silimawafikira bwino. Lamulo la Workers' Compensation lija linakhazikitsa zoti pakhale thumba limene olemba ntchito azisonkhamo, koma kwa zaka zoposa 20 silinayambe kugwira ntchito, ndiye wovulala amadalira thumba la bwana wake yekha. Waganyu amene amalandira pamanja madzulo aliwonse amauzidwa kuti palibe amene amamudziwa, ngakhale kuti ganyu wogwiridwa pa bizinesi yeniyeni ya bwana sachotsa munthu m'lamulo. Chikalata cholowera pa geti, uthenga wa ndalama pa foni kapena dzina m'kaundula wa kapitawo zikhoza kumuimira ku leba.

Wakabaza wa ku Chinsapo ndi mayi wosenza ndowa za madzi ku Area 23 alibe bwana woti amusumire. Dziko lino lilibenso ndalama ya mwezi ndi mwezi yopatsidwa kwa aliyense wolumala. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Bambo amene mwendo wake wachita dzanzi koma akuyendabe mokoka phazi, kawirikawiri amaoneka wamphamvu pamaso pa olemba maina.