Kakompyuta Kayaka Koma Wi-Fi Yakana: Tiyambire Pati?

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzatumizidwa kukayeserera ntchito kusukulu zakumudzi. Ena tidzapezeka ku Dowa, cha ku Mvera kapena ku Madisi. Ena ku Ntchisi, cha ku Malomo kapena m'munsi mwa phiri la Ntchisi. M'masukulu ambiri a CDSS kumeneko ana angapo amaunjikana pa buku limodzi, ndipo netiweki ya foni umaipeza pachitunda, ukatsikira kudambo yathawa. Nchifukwa chake ena mwa ife tachita chidwi ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi.

Kakompyutaka nkokwana m'dzanja. Kanayamba kugulitsidwa mu February 2012 pa mtengo wa madola 35, ndipo anakapanga a bungwe la Raspberry Pi Foundation la ku Cambridge, ku England, pofuna kuti ana aphunzire kompyuta pa chipangizo chotchipa. Tikaika mapulogalamu aulere monga Kiwix kapena Kolibri pa memori khadi yake, kamasanduka layibulale. Wikipedia, mabuku ndi mavidiyo a masamu zimakhala m'katimo, ndipo aliyense wokhala ndi foni amaziwerenga popanda bandulo. Koma kuti zimenezi zitheke pafunika Wi-Fi, ndipo apa ndi pamene ambiri timakakamira.

Raspberry Pi 3 ya mu 2016 ndi zikuluzikulu zobwera pambuyo pake zili ndi Wi-Fi m'kati. Pi 1, Pi 2 ndi Pi Zero yoyamba ya mu 2015 zilibe, chonsecho zakalezi ndi zimene zimatifika kawirikawiri, zopatsidwa kapena zogula kwa wina. Zimenezi zimafuna adapter, kachipangizo kooneka ngati flashi komwe timalowetsa pa USB. Tisakasokoneze ndi dongle ya TNM kapena Airtel. Dongle imakhala ndi simu khadi ndipo imabweretsa intaneti kuchokera pa nsanja ya mafoni. Adapter ilibe simu khadi. Ntchito yake nkulumikiza zipangizo zoyandikana basi.

Adapter ikakana, ambiri amathamangira kunena kuti njakufa. Nthawi zambiri imakhala yamoyo. Chofunika nkufufuza mwandondomeko, osadumpha sitepe.

Choyamba, magetsi

Raspberry Pi imayendera mphamvu ya 5V, ndipo ikatsika kufika cha m'ma 4.63V imayamba kudandaula. Pa sikirini pamaoneka chizindikiro cha mphezi kapena uthenga wa undervoltage. Adapter imakoka mphamvu yambiri potumiza uthenga, choncho tchaja ikakhala yofooka kakompyuta kamayaka bwinobwino, koma Wi-Fi imangobwera nkuthawa. Pa Pi 1, kungolowetsa adapter kakompyuta kali koyaka kumatha kukazimitsa nkukayatsanso.

Kusukulu zodalira sola vutoli limakula madzulo batire ikayamba kutha, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mapiri a ku Ntchisi ndi Dowa amatha tsiku lonse ali m'mitambo. Tigwiritse ntchito tchaja ya 2A kapena 2.5A ndi chingwe chachifupi, chonenepa. Zingwe zowonda zapamsika zimadya mphamvu panjira. Adapter tiilowetse tisanayatse. Pa Pi Zero pamafunika kachingwe ka OTG, ndipo tikalowetse pa kabowo kolembedwa USB, osati kolembedwa PWR IN. Kuti titsimikize, tilembe lamulo ili pa terminal: vcgencmd get_throttled. Yankho likakhala throttled=0x0, magetsi ali bwino, kupatula pa Pi Zero ndi Pi 1 yoyambirira, zomwe sizitha kuzindikira kutsika kwa magetsi.

Chachiwiri, dzina lenileni la adapter

Tilembe lsusb. Kakompyuta kadzaonetsa zonse zolumikizidwa pa USB, chilichonse ndi manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Adapter ikapanda kuoneka pamndandandawu, vuto ndi magetsi, bowo la USB kapena adapter yeniyeniyo. Ikaoneka, tilembe manambalawo papepala, chifukwa ndiwo amatiuza chip, kaubongo kamene kali m'kati.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Linux, yomwe Raspberry Pi imayendera, sisamala za dzina lolembedwa pakatoni; imayang'ana chip. Chitsanzo chodziwika ndi TP-Link TL-WN722N. Yoyamba, yolembedwa V1, ili ndi chip ya Atheros AR9271 yomwe imagwirizana ndi Linux mosavuta. Za V2 ndi V3 zili ndi dzina lomwelo ndi maonekedwe ofanana, koma m'kati muli Realtek RTL8188EUS, imene nthawi zambiri imafuna ntchito yowonjezera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiadaputa tating'ono totchipa topanda dzina lomveka nato timasiyana. Tikaona 148f:5370, imeneyo ndi Ralink RT5370, ndipo tachita mwayi. Tikaona 148f:7601, imeneyo ndi MediaTek MT7601U, yomwe tiikambenso kutsogoloku.

Chachitatu, womasulira

Chip iliyonse ili ndi chiyankhulo chake. Driver ndi pulogalamu yomasulira pakati pa chip ndi Linux, monga amachitira womasulira pamsonkhano wa anthu osamvana chinenero. Ma chip ena amafunanso firmware, kafayilo ka malangizo kamene kamatumizidwa m'kati mwa adapter nthawi iliyonse ikayaka. Tikalemba iw dev nkuona dzina loti wlan0, womasulira alipo. Tikapanda kuona kanthu, tilembe dmesg ndipo tiwerenge mizere yakumapeto. Mawu oti firmware ndi failed akakhala pamzere umodzi, dzina la fayilo yosowayo limakhala pomwepo.

Koma tiitenga bwanji fayiloyo pa intaneti pamene Wi-Fi ndiyo yakana? Foni ya Android imatiwombola. Tiilumikize ku kakompyuta ndi chingwe, tiyatse USB tethering m'makonzedwe a foni, ndipo Raspberry Pi iyamba kumwa intaneti ya pafoniyo. Kenako tilembe sudo apt update, ndiyeno sudo apt install firmware-realtek kapena firmware-atheros, malinga ndi chip yathu. Tikatero tizimitse nkuyatsanso. Ntchito imeneyi tiigwirire pamalo pomwe netiweki ndi yamphamvu, monga pa Mponela kapena pa boma, tisanalowe kumudzi.

Pali ma driver ena amene munthu amachita kuwatenga kwa anthu ena pa intaneti nkuwamanga yekha. Amagwira ntchito, koma Linux ikangokonzedwanso amatha kusiya, ndipo pamafunika kuwamanganso. Mphunzitsi wotsala pasukulupo ife titachoka sangathe kulimbana nazo zimenezo. Kuli bwino kusintha adapter kusiyana ndi kusiyira anzathu mtolo.

Chachinayi, kuuza kakompyuta dziko limene tili

Dziko lililonse lili ndi malamulo a mafunde a wailesi. Kuno amayang'anira ndi a MACRA. Pachifukwa chimenechi Raspberry Pi OS imatha kutseka Wi-Fi mpaka titaiuza komwe tili. Lamulo la rfkill list likaonetsa Soft blocked: yes, tilembe sudo raspi-config, tisankhe Localisation Options, kenako WLAN Country, ndipo tisankhe MW. Ndi kanthu ka mphindi imodzi, koma kamagoneka anthu ndi mutu.

Tsopano tikhoza kulumikiza. Kuyambira mu October 2023, pamene kunatuluka Raspberry Pi OS yotchedwa Bookworm, netiweki imayendetsedwa ndi NetworkManager. Malangizo akale onena za kulemba mu fayilo ya wpa_supplicant.conf sagwiranso pamenepa. M'malo mwake tilembe sudo nmtui nkusankha netiweki pamndandanda. Hotspot ya pafoni ikapanda kuoneka, tione ngati siili pa 5 GHz, chifukwa ma adapter ambiri otchipa amamva 2.4 GHz yokha.

Chachisanu, kulandira nkosiyana ndi kugawa

Kwa ife aphunzitsi, apa ndiye pagona nkhani. Adapter ili ndi ntchito ziwiri: kulowa pa Wi-Fi ya wina, kapena kupanga Wi-Fi yakeyake kuti ena alowepo. Layibulale ya m'kalasi imafuna yachiwiriyi, yotchedwa AP. Tilembe iw list ndi kupeza mutu woti Supported interface modes. Ngati AP palibe pamndandandawo, adapter imeneyo singagawe, ngakhale tiipemphe chotani. MT7601U ija ndi yotero: ndi driver yomwe imabwera ndi Linux imalandira bwino, koma sigawa. RT5370 ndi AR9271 zimagawa.

AP ikakhalapo, lamulo limodzi likwanira: sudo nmcli device wifi hotspot ssid Layibulale password, nkumalizira ndi mawu achinsinsi a zilembo zosachepera 8. Kenako tibwerere mu nmtui nkuchonga Automatically connect, kuti magetsi akathima nkubweranso Wi-Fi idzidzuka yokha.

Tisayembekezere zambiri kwa kachipangizo kakang'ono. AR9271, mwachitsanzo, sinyamula zipangizo zopitirira 8 nthawi imodzi. Kwa gulu laling'ono lokonzekera MSCE nzokwanira, koma kalasi yonse ya Fomu 1 ayi. Pakafunika ambiri, tilumikize router wamba ku Pi 1 Model B kapena Pi 2 ndi chingwe cha Ethernet. Router yotero sifuna simu khadi kapena bandulo. Komanso Wi-Fi imeneyi siwoloka phiri, ngakhale kufika kumudzi wapafupi. Imayenda mamita makumi ochepa, ndipo khoma la njerwa ndi malata zimaifooketsa. Kakompyuta kakatsekeredwa m'kabati yachitsulo mu ofesi ya ahedi, m'kalasi simufika kanthu. Tikaike m'chipinda momwe muli owerengawo, adapter ili m'mwamba pa kachingwe kowonjezera ka USB.

Tisanakwere basi

Adapter yolakwika imadya ndalama kawiri: yogulira, ndi yathiransipoti yobwerera ku Lilongwe kukasintha. Choncho popita kukagula titenge kakompyuta ndi power bank, kapena laputopu ya Linux, ndipo tipemphe ogulitsa kuti tiyese pomwepo. Malamulo awiri okha, lsusb ndi iw list, atiuza ngati tipereke ndalama kapena ayi. Tikafika kunyumba tiyese ndi mafoni atatu kapena anayi, tizimitse nkuyatsanso, tione ngati zonse zikudzuka zokha.

Pomaliza, tilembe papepala dzina la chip, manambala a lsusb, dzina la Wi-Fi, mawu achinsinsi ndi mphamvu ya tchaja yoyenera, nkumata pa bokosi la kakompyutako. Ife timakhala pasukulupo teremu imodzi. Tsiku limene adapter idzatayike kapena kupsa, pepala limenelo ndi lomwe lidzauze aphunzitsi otsalawo chimene akagule.