Anthu a padoko amene amasunga maboti a eni

Kuchokera pa Mangochi boma kukafika ku Monkey Bay, komanso ku Senga Bay m'boma la Salima, kuli maboti ambiri amene eni ake amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena ndi a anthu okonda kuwedza ndi mbedza, ena ndi ongoyendera pamadzi ndi banja kumathero a sabata, pomwe ena ndi a matanga. Mwini amabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena onse boti limakhala m'manja mwa anthu ena. Makalabu enieni a maboti, okhala ndi mamembala olipira chaka ndi chaka, kuno ndi ochepa poyerekeza ndi ku Kariba kapena ku Vaal Dam ku South Africa. Ambiri amapangana ndi malo ogona alendo, kapena eni nyumba za kunyanja amasonkherana n'kukonza malo amodzi. Kaya malowo atchedwe chiyani, wofuna kusungitsa boti amafunsa zinthu ziwiri: kodi potsitsira boti m'madzi n'podalirika chaka chonse, nanga galimoto ndi ngolo yake zikatsala kumtunda zikhala zotetezeka?

Mafunsowa amamveka ngati nkhani ya simenti ndi mpanda. Komatu simenti imamera ndere ndipo mpanda umabooledwa. Malo amakhala odalirika chifukwa cha kagulu kochepa ka antchito amene mayina awo sapezeka pa chikwangwani cha pageti, ndipo wosankha kalabu ayenera kuyamba wadziwa ntchito zawo.

Wosamala potsitsira

Potsitsira boti ndi kamsewu ka simenti kolowa m'madzi. Amisiri amakapendeketsa moti pa mamita 7 kapena 8 aliwonse kamatsika mita imodzi. Kakagona kwambiri, galimoto imamira matayala akumbuyo boti lisanayandame. Kakaima kwambiri, galimoto imalephera kukoka ngolo yonyowa pokwera. Pamwamba pake amadulapo timizere kuti matayala azigwira.

Vuto ndi loti nyanja ya Malawi sikhala pa mlingo umodzi. Chaka chilichonse imakwera ndi mvula mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, kenaka n'kumatsika kufikira Novembala kapena Disembala, ndipo kusiyana kwake kumakhala cha m'ma mita imodzi. Pa gombe losaya la mchenga, mita imodziyo imasuntha madzi mtunda wautali ndithu. Palinso kusintha kwa zaka zambiri. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi. Mu 1980 inafika pa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu 2024 inapitirira mamita 476 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Chaka chomwecho ku Kariba chilala chinatsitsa madzi kufika pafupi ndi mamita 475.5, mlingo womaliza wopangira magetsi, kotero kumeneko madzi ankathawa madoko pamene kuno ankawamiza. Madzi saiwala khwawa, ndipo wantchito amene wakhalitsa pamalo amakuonetsani pa mtengo kapena pa khoma pomwe madzi anafikapo. Chidziwitso chimenechi sichilembedwa pa fomu ya umembala.

Ntchito ya wosamala potsitsira imayamba kusanatenthe, ali ndi fosholo ndi burashi yolimba. Amapala ndere, zomwe zimagwetsa anthu ndi kutsetsereketsa galimoto. Amachotsa mchenga umene mafunde aunjika usiku. Akatero amalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukaponda pothera simenti. Oyendetsa ena pokweza boti pangolo amalikankha ndi mphamvu ya injini, ndiye pulopela imakumba dzenje pamenepo pang'onopang'ono. Tayala la ngolo likagwera m'dzenjelo, chitsulo chimakodwa m'mphepete mwa simenti, ndipo tsiku lonse limathera pomwepo. Iye amakwirira dzenjelo ndi miyala n'kuzika ndodo yosonyeza malire.

Loweruka m'mawa luso lake limaonekera poyera. Galimoto ikafika, sathamangira kumasula chilichonse. Amayamba wagwira pakati pa tayala la ngolo. Pakakhala potentha ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Blantyre, amapempha mwini adikire pang'ono, chifukwa zitsulo zamoto zikaviikidwa m'madzi ozizira zimayamwa madzi n'kutsuka girizi. Amaona ngati chibowo chotulutsira madzi kumbuyo kwa boti chatsekedwa, amamasula malamba, amadzutsa injini kuti isakhule pansi, koma chingwe chakutsogolo amachisiya chomanga. Kenaka amaima pomwe dalaivala angamuone pa kalilole n'kumaitana: "Bwererani, abwana. Pindani kumanja pang'ono. Basi, imani pomwepo!" Amaika chipika kuseri kwa tayala, ndipo apo m'pamene amamasula boti. Kumene kulibe simenti, ntchitoyi imagwiridwa ndi dalaivala wa thirakitala, amene amadziwa pomwe mchenga uli wolimba ndi pomwe umameza.

Mlonda wa mbali ziwiri

Mlonda wa m'tauni amayang'ana geti ndi mpanda. Wa padoko ali ndi mbali ina yopanda mpanda, ndiyo ya kumadzi, kumene wakuba amafika pa bwato mopanda phokoso. Masana amalondera magalimoto ndi ngolo za anthu amene ali pakati pa nyanja. Usiku amalondera mainjini, mabatire, mapulopela ndi zigubu za mafuta. Injini ya Yamaha ya mahosipawa 15 siikwana makilogalamu 40, moti munthu mmodzi amaisenza paphewa. Msika wake sumasowa, poti mainjini a mtundu womwewo ndi amene amayendetsa maboti a usodzi m'magombe onse. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mainjini ndi zipangizo zake inakwera, ndipo katundu yemwe mlonda amagona naye anakhala wa ndalama zambiri kuposa kale.

Mlonda wodziwa ntchito amasiyanitsa nyali za asodzi a usipa zomwe zili pa ntchito yawo ndi bwato lomwe likuyandikira gombe mumdima. Amaonetsetsa kuti mainjini ang'onoang'ono achotsedwa n'kukhomeredwa m'nyumba, ngolo zamangidwa ndi tcheni, ndipo nyali za sola zikuyaka kumadzi komwe. Chida chake chachikulu ndi buku la pageti. Mmenemo mumalembedwa nambala ya galimoto, nambala ya injini, nthawi yomwe boti lanyamuka, anthu amene akwera, kumene alowera ndi nthawi yomwe ati abwerera. Dzuwa likamalowa galimoto ina idakali poimika, iye ndiye woyamba kudziwa kuti pali boti lomwe silinabwere, ndipo ndiye amayamba kuimba mafoni kwa kapitawo, kumagombe oyandikana ndi kwa apolisi a pamadzi. Malo amene buku lawo lili ndi masamba osalemba ndi oyenera kuwakayikira, ngakhale mpanda utatalika bwanji.

Chitetezo china chimachokera kunja kwa mpanda. Malo amene anatsekera anthu a m'mudzi njira yokatungira madzi, kuchapa ndi kukocheza mabwato amadzipangira adani. Amene amakhala bwino ndi anyakwawa ndi komiti ya pagombe, n'kumalemba ntchito ana a m'mudzimo, injini ikasowa mbiri yake imamveka msanga, chifukwa pagombe injini yachilendo siibisika.

Makaniko ndi okhoma maboti

Amakaniko ambiri a mainjini a pamadzi anaphunzira pagombe, akupatsira masipanala mmisiri wamkulu pokonza mainjini a asodzi. Ena anadzera m'sukulu za ntchito zamanja. Matenda amene amakumana nawo ndi odziwika. Mafuta akasowa m'dziko, eni maboti amagula a m'zigubu, omwe nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, ndiye kabuleta imatsekeka. Mainjini ofuna petulo wosakaniza ndi oyilo, ambiri mwa iwo gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, amapsa munthu akaumira oyilo. Mchenga wa m'madzi osaya umadya kampira kopopa madzi oziziritsa injini. N'chifukwa chake makaniko akangoliza injini maso ake amapita pa kamadzi kowonda kotuluka kumbuyo. Kakapanda kutuluka amazimitsa nthawi yomweyo.

Boti longokhala limawonongeka msanga kuposa loyenda. Petulo amavunda m'thanki, batire imatha, mavu amamanga m'timabowo ta injini, makoswe amadya mawaya. Pamalo abwino makaniko amaliza mainjini a mamembala ngakhale eni ake palibe, n'kulemba zomwe wapeza. Pambali pake pamakhala okhoma maboti. Luso lokhoma maboti a matabwa lili ndi mbiri yaitali ku Mpwepwe, kumene kulinso sukulu ya zausodzi, ndipo masiku ano amisiri ambiri adziwanso kumata maboti a faiba. Ntchito ya faiba imayabwitsa khungu ndi kulowa m'chifuwa, choncho mmisiri wogwira popanda magolovesi ndi chotseka pamphuno akukuuzani mmene abwana ake amaonera antchito.

Woyendetsa boti

Mwini boti aliyense amadziyesa kaputeni, koma ambiri amatenga woyendetsa wa pamalopo, ndipo amachita bwino. Lamulo la zombo za pamadzi a m'dziko muno la 1995 limafuna kuti zombo zilembetsedwe ndi kuyezedwa, komanso kuti oziyendetsa akhale ndi ziphaso. Nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi ndiyo imayang'anira izi, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa ntchito za pa zombo. Pamwamba pa pepala, woyendetsa wabwino amadziwa miyala yobisika pafupi ndi zilumba za Boadzulu, Domwe, Thumbi ndi Maleri, amadziwa kumene asodzi atchera maukonde, amadziwanso kuti m'madzi a paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, saloleza kuwedza mamita 100 kuchokera kumtunda.

Mphunzitsi wake wamkulu ndi mwera, mphepo ya kumwera yomwe imaomba nyengo yozizira. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndiye mphepo ikamaomba motsata utali wake mafunde amakhala ndi malo okulira. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Mphepo yomweyo ndi imene imakankha maboti a matanga pa mpikisano wodziwika wochokera ku Mangochi kukathera ku Chintheche, ndipo kumbuyo kwa opikisanawo kumakhala maboti opulumutsa oyendetsedwa ndi anthu omwewa. Gawo lovuta la ntchitoyi ndi kukaniza munthu amene amakulipira. Bwana wayenda ulendo wautali, ana avala kale majekete oyandamitsa, woyendetsa n'kuyang'ana kumwera n'kunena kuti, "Pepani abwana, lero nyanja yakana." Pamalo pomwe wantchito anganene mawu amenewa popanda kuopa kuchotsedwa ntchito, pamenepo mungasiyepo banja lanu.

Zimene amapeza ndi zimene amapirira

Ntchito za padoko zimayenda ndi nyengo. Pa Isitala, pa tchuthi cha 6 Julaye, pa tsiku la anakubala mu Okutobala ndi pa Khirisimasi anthu amadzaza, ndipo antchito amapezako kangachepe kuchokera kwa mamembala. Miyezi ina kumakhala zii, ndipo aganyu amauzidwa kuti adikire. Amayi ambiri pamalowa amagwira za muofesi, kulandira ndalama za umembala, kusunga makiyi ndi kusamala zipinda zosinthira, ndipo nthawi zambiri ndiwo amadziwa amene walipira ndi amene ali ndi ngongole.

Woima m'madzi osaya tsiku ndi tsiku amatenga likodzo, ndipo amafunika kuyezetsa ndi kumwa mankhwala pafupipafupi. Kufupi ndi kumene Shire amatulukira komanso m'mabango muli ng'ona ndi mvuu. Misana imapweteka ndi kusenza mainjini, zala zimaphwanyika pakati pa boti ndi ngolo. Lamulo la ntchito la 2000 linaika maola 48 pa sabata ngati mlingo wa ntchito, ndipo lamulo la penshoni limati wolemba ntchito azipereka 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ambiri mwa anthu a padoko amayenera zonsezi monga wantchito wina aliyense, pamodzi ndi kalata ya ntchito ndi chipukuta misozi akavulala.

Posankha malo

Safunsa anadya phula. Pitani kukaona malowo pakati pa sabata, makamaka mu Novembala madzi atatsika, osati pa tchuthi pomwe chilichonse chakonzedwa kuti chikope alendo. Funsani wosamala potsitsira kuti simenti imathera pati, ndipo mu 2024 madzi anafika pati. Pemphani kuona buku la pageti. Funsani mlonda kuti wakhala zaka zingati pamalopo, amasinthana ndi ndani, ndipo usiku amaitana ndani zinthu zikavuta. Onani ngati pali boti lopulumutsira lokhala ndi mafuta, komanso ngati antchito ali ndi majekete oyandamitsa awoawo. Kumene antchito amasintha miyezi ingapo iliyonse, palibe amene amadziwa gombelo, ndipo mlonda amene malipiro ake achedwa miyezi iwiri waikidwa pa mayesero aakulu pakati pa katundu wa mamiliyoni.

Mukalowa umembala, udindo umakhala wanunso. Pa msonkhano wa pachaka, pamene anthu akukangana zokweza mpanda kapena kugula makamera, funsani kuti antchito amalandira zingati, amalandira pa tsiku lanji, ndipo penshoni yawo ikupita kuti. Kalabu yoyankha bwino mafunso amenewa ndiyo yoyenera kuisungitsa boti.