Kabowo ka Pakhutu Kamapola Bwanji?

Lero azakhali anu abwera ndi nkhani ya makutu. Tayambani mwagwira khutu lanu. Gwirani m'munsimu, pamene pamalendewera ndolo. Mwamva kufewa kwake? Tsopano kwezani zala, mugwire pamwamba. Pindani pang'ono, kenako musiye. Taonani, labwerera lokha! Khutu ndi limodzi, koma m'munsi ndi mofewa, pamwamba ndi polimba. Musaiwale zimenezi, tizifuna posachedwa.

Kodi anthu anayamba liti kuboola makutu? Kalekale zedi. Ku Egypt kunali mfumu ina yachinyamata, dzina lake Tutankhamun. Inalamulira zaka zoposa 3,000 zapitazo. Manda ake anapezeka mu 1922. M'mandamo munali chigoba chagolide chophimba nkhope yake. Mukudziwa chimene chili m'makutu a chigobacho? Mabowo! Kwathu kunonso kuboola si kwachilendo. Funsani agogo anu za chipini, chimene amayi ambiri achiyao ankavala pamphuno. Mudzamva nkhani zokoma.

Nanga kabowo katsopano ndi chiyani kwenikweni? Ndi bala, ana anga. Ndi kabala kakang'ono, koma ndi bala ndithu. Thupi likangomva kuti labooledwa, limayamba ntchito nthawi yomweyo. Magazi amathamangira pamalopo. N'chifukwa chake khutu limafiira ndi kutentha pang'ono masiku oyamba. Thupi limafuna kutseka bowolo, monga limatsekera bala la pabondo mukagwa pa masewero. Koma apa lapeza ndolo itakhala pakati. Ndiye litani? Limayamba kuyala khungu latsopano mozungulira ndoloyo, kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tsekani maso muganizire. M'kati mwa khutu lanu muli timisiri ting'onoting'ono. Tikumanga kanjira, usana ndi usiku. Inu mukugona, ito tikugwira ntchito. Inu muli m'kalasi, ito tili kalikiliki. Palibe wotituma, palibe wotilipira. Si zodabwitsa zimenezi?

Kanjirako kamatha liti? M'munsi mofewa muja, ntchito imatenga masabata 6 mpaka 8. Tiwerenge limodzi. Sabata imodzi ili ndi masiku 7. Masabata 6 ndi masiku angati? Mwapeza 42? Mwakhoza! Pamwamba polimba paja ndi nkhani ina. Pamenepo sipafika magazi ambiri. Choncho bala lake limachedwa kupola, miyezi yambirimbiri, mwina mpaka chaka. Ine ndimati ana aziboola m'munsi mokha. Zapamwambazo zidikire mukule.

Tayesani kamasewero aka. Pezani kachitini koyera. Ikanimo nyemba 42. Madzulo alionse, mukatsuka khutu, chotsanimo nyemba imodzi. Ngati m'chitini mudakali nyemba, ndolo isachoke pakhutu. Mukaivula msanga, kabowo kamatsekeka, nthawi zina m'maola ochepa chabe.

Tsono tizitsuka ndi chiyani? Ndi madzi amchere basi. Pemphani amayi kapena achemwali aakulu akuthandizeni, chifukwa pali moto. Awiritse madzi. Athire m'kapu yoyera, kapu imodzi. Atenge mchere wa pa kasupuni ka tiyi, augawe panayi, athiremo gawo limodzi lokha. Dikirani madziwo azizire mpaka akhale ofunda. Lawani kadontho. Mwamva ngati chiyani? Ngati misozi! Mchere wake uzimveka choncho, patalipatali. Ukachuluka umawawa ndi kuumitsa khungu.

Mukayambe ndi manja anu. Sambani ndi sopo, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe. Kenako viikani thonje kapena kansalu koyera m'madzi aja. Gwirizani kutsogolo kwa khutu kwa kanthawi. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo. Kumbuyoko ambiri amaiwala, chifukwa sikuoneka pagalasi. Pomaliza pukutani mosakhula, pakhale pouma. Teroni m'mawa ndi madzulo. Kawiri pa tsiku kwa masiku 42, ndi kangati konse? Yankho lake mukauze aphunzitsi anu a masamu.

Kodi ndi bwino kumazunguza ndolo? Ambiri amati uzizunguza kuti isamatirire. Inenso ndinamva choncho ndili mwana. Koma ayi, ana anga, isiyeni ikhale. Munaonapo amayi akuzira m'nyumba? Akamaliza amati, "Musapondemo, dikirani muume." Mukaponda pasanaume, phazi limanyamula dothi, ntchito yonse yaonongeka. Khungu latsopano lija lili ngati dothi lozira kumene. Ndi lopyapyala, ndi lanthete. Mukazunguza ndolo mumaling'amba, timisiri tija tiyambenso poyambirira. Komanso zala zathu zimagwira zambiri. Zagwira mpira, ndalama, choko, mchira wa mbuzi. Tizilombo toyambitsa matenda sitioneka ndi maso, koma timakwera pa zalazo n'kulowa m'bala.

Ine ndinaboola makutu ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kumudzi kwathu nthawi imeneyo ankaboola ndi singano, n'kusiyamo ulusi womanga ngati kamphete. Ndinakondwa kwambiri. Tsiku lonse dzanja linali pakhutu, kukoka ulusi uku ndi uku, kuonetsa anzanga. Tsiku lachinayi khutu lakumanzere linatupa, likugunda ngati ng'oma. Usiku sindinagone. M'mawa amayi ananditengera kuchipatala, anamwino anatsuka ndi kundipatsa mankhwala. Khutu lakumanja, limene sindinkaligwiragwira, linapola bwinobwino lokha. Ululu wa usiku umenewo ndimaukumbukabe, ndipo sindifuna kuti wina wa inu aumve.

Pa nkhani ya singanoyi ndinenepo mawu amodzi. Singano imodzi, munthu mmodzi. Ikhale yatsopano, yoti sinaboolepo wina. Magazi otsalira pa singano angathe kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi. Musaboolane nokha kuseri kwa kalasi ndi minga kapena phini. Makolo adziwe, ndipo woboola akhale wamkulu wodziwa ukhondo.

Nanga usiku tigone bwanji? Kugonera khutu lobooledwa kumapweteka. Gonani chagada ngati mungathe. Ngati simungathe, nayi nzeru ya azakhali. Tengani chitenje chochapa. Chipindeni ngati nkhata yosenzera ndowa. Ikani pa pilo. Gonekani mutu, khutu lilowe pabowo la nkhatayo. Mwaona? Khutu lili pakati, silikukhudza kanthu. Yesani lero lomwe, ngakhale simunaboole, mumve kukoma kwake.

Kodi kusewera n'kololedwa? Eya, sewerani! Phada, bawo, jingo, zonsezo palibe vuto. Pa fulaye ndi pa mpira wamanja chenjerani, mpira ungakumenyeni pakhutu. Povala ndi povula malaya chitani pang'onopang'ono, ulusi ungakole ndolo. Pomangitsa tsitsi auzeni omangawo kuti khutu lili ndi bala. Kusamba m'thupi sambani monga mwa masiku onse, kungoti sopo mumutsukuluze bwino. Koma kusambira kunyanja, kumtsinje kapena pa thamanda kudikire kaye. Ndikudziwa kuti ana a ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay mwakwinya nkhope. Pirirani, nyanja sithawa. Madzi amenewo amakhala ndi tizilombo, ndipo bala ndi khomo lotsekula.

Mwaona timadzi toyera pakabowo, tina touma ngati manthongo. Kodi khutu lawola? Ayi, musaope. Timeneto timatuluka bala likamapola. Musatokose ndi chikhadabo. Madzi amchere aja adzatifewetsa, tidzachoka tokha. Kuyabwa pang'ono nakonso kumachitika. Musapakepo phulusa, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola kapena sipiriti. Zina zimawotcha khungu lanthete lija, zina zimatseka mpweya ndi kukola fumbi.

Nanga zoopsa n'ziti? Imvani bwino apa. Khutu likutupirabe masiku akamapita. Latentha kwambiri. Ululu ukukulirakulira. Mukutuluka mafinya achikasu kapena obiriwira, onunkha. Ndolo ikumira m'mnofu. Thupi latentha ngati malungo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, uzani wamkulu tsiku lomwelo, mupite kuchipatala. Musabise poopa kukalipiridwa. Musazule ndolo nokha, chifukwa bowo lingatsekeke mafinya ali m'kati. Anamwino ndiwo adzanene chochita.

Bwanji ena ndolo zimawayabwa ngakhale bala litapola? Ndolo zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi chitsulo chotchedwa nickel. Khungu la anthu ena silimvana nacho. Limayabwa, limatuluka tizidzolo. Zikatero, ndolo zimenezo si zanu, sinthani. Palinso anthu ena amene bala lawo likapola pamamera chotupa cholimba, chosalala, chomakulirakulira. Achipatala amachitchula kuti keloid. Chimapezeka kawirikawiri mwa ife anthu akhungu lakuda, ndipo chimayenda m'magazi a pabanja. Musanaboole, funsani kunyumba ngati alipo wachibale amene ali nacho. Ngati alipo, kambiranani kaye ndi achipatala. Khutu lopanda ndolo nalonso ndi lokongola, ndipo nyimbo limamva chimodzimodzi.

Tsono tsiku lija lafika. Mwagwedeza kachitini, mulibenso nyemba. Kodi tivule ndolo tsopano? Yambani mwayang'ana pagalasi. Kodi pafiira? Pakupweteka? Pakutuluka timadzi? Ngati yankho ndi eya, bwezerani nyemba 14 m'chitini, mudikirenso masabata awiri. Ngati zonse zili bwino, itanani amayi. Nonse musambe m'manja. Avule ndolo yakale pang'onopang'ono, atsuke yatsopano, aiike nthawi yomweyo. Sankhani yaing'ono, yopepuka. Kwa miyezi ingapo musamasiye kabowo kopanda ndolo nthawi yaitali, chifukwa kanjirako kadakali kakhanda. Ndolo isanalowe, pemphani amayi aimirire kumbuyo kwanu ndi tochi, aunike pakhutu. Inu yang'anani pagalasi. Mukuona kakuwala kakang'ono kakudutsa pakati? Ndiko kanjira kaja, timisiri tanu tamaliza kumanga.